Kathandala ka pansi pa 9

Amayi anaterereka pamtsetse wa kudimba m'mwezi wa Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse. Pogwa anatsamira dzanja lamanja, ndipo linathyoka chapamfundo apa. Wakabaza wa m'mudzi mwathu ndi amene anawanyamula mpaka kuchipatala cha paboma. Ine nkhaniyi inandipeza ndili kuntchito ku Lilongwe, iwo atajambulidwa kale, akudikira kuti awaike chikhakha.

Zikatere, chimene mwana wa kutauni amathamangira ndi kutumiza ndalama. Ndinatumiza, uthenga unalowa, foni yawo inalira. Nkhani inatsala yoti ndalamazo zituluke bwanji mufonimo kuti wakabaza alipidwe, abwerere kumudzi kusanade. Kumudzi ntchito imeneyi amawagwirira ndi anyamata apafupi. Amangowapatsa foni n'kuwauza nambala yachinsinsi. Pachipatala panalibe mdzukulu aliyense. Wakabazayo ndi mwana waulemu ndithu, koma munthu amene ukufuna kumulipira sumupatsa chikwama chonse kuti awerenge yekha zimene zilimo. Amayi anakana kupereka foni. Anati ndiwauze ine, adina okha.

## "Hashi ndiye chiyani?"

Sitikanatha kuyankhulana pafoni yomweyo imene ankafuna kudina, choncho ndinaimba pa ya wakabaza. Iye anaigwirizira kukhutu kwawo, iwo ataika kafoni kawo ka mabatani pantchafu, akudina ndi chala cha kumanzere chimene sichinazolowere ntchito.

"Amayi, yambani ndi kanyenyezi."

"Ndakaona. Ndadina."

Ndinawauza manambala atatu aja limodzilimodzi, ndipo ndinkamva batani lililonse likulira.

"Tsopano dinani hashi."

Kunali zii.

"Hashi ndiye chiyani, mwanawanga?"

Ndinawauza kuti kali pansi pa 9. Anati manambala a mmunsimo anafufutika kalekale, sakuoneka bwino. Ndinati ayang'ane mzere wotsiriza, batani la kudzanja lamanja kwenikweni, pali timizere tiwiri toima ndi tiwiri togona, topingasana. Anakhala chete kanthawi, ndikumva phokoso la anthu pabenchi ndi mwana wina akulira chapatali.

"Ooo! Ukunena aka kokhala ngati thandala loyanikapo mbale aka?"

"Komweko, Amayi. Dinani kathandalako, kenako batani loimbira."

Ulendo woyamba nthawi inawathera asanamalize kusankha, foni n'kubwerera poyamba. Anayambiranso osandifunsa: kanyenyezi, manambala, kathandala. Wakabaza ankawawerengera zilembo zing'onozing'ono zija, ndipo itafika nthawi yolemba nambala yachinsinsi ndinawamva akumuuza kuti, "Tayang'anani uko kaye, achimwene." Foni ya mnyamatayo inalira kukhutu kwawo komweko, ndalama zalowa.

Ndisanadule, anandifunsa funso lina, mawu atatsika.

"Komatu kathandala kameneka adokotala andilemberanso m'buku langa la kuchipatalali. Ndiye kuti kunonso pakufunika ndalama?"

Namwino amene ankadutsa anamva funsolo. Anatenga bukulo, n'kuwauza kuti ayi, asade nkhawa, achipatala akalemba kachizindikiro kameneko amatanthauza kuti fupa lathyoka. Nditapita kukawaona ndinadzionera ndekha. Pamwamba pa tsamba panali # yolembedwa mothamanga ndi bolopeni, kutsogolo kwake dzina la fupa la mkono m'chinenero cha madokotala.

Chimene chinandikhala mumtima si kuthyoka kwa dzanjalo, poti linapola. Ndi kuzindikira kuti Amayi akhala ndi foni zaka zambiri, ndalama zawo zikudutsa momwemo, koma anali asanadinepo okha batani limene limatsegula ndalamazo. Mzimayi amene amawerenga Baibulo lake mosadodoma, amene amasunga kaundula wa banki m'khonde ya gulu lawo, anatsekeredwa kunja ndi timizere tinayi timene palibe anawauzapo dzina lake m'chinenero chawo. Nambala yawo yachinsinsi inali m'mitu mwa anyamata angapo a m'mudzi. Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kukalondola kachizindikiroka, kuti kanachokera kuti ndipo kanafika bwanji pakona ya foni ya mayi wa kumudzi.

## Kanayamba ngati paundi

Anthu ambiri ofufuza mbiri ya zolembalemba amati # ndi mdzukulu wa sikelo ya Aroma. Muyeso wawo wa kulemera unkatchedwa libra, ndipo ponena "libra pondo" ankatanthauza libra imodzi pa kulemera kwake. Amalonda a ku Ulaya anafupikitsa mawuwa kukhala lb, zilembo zimene mpaka lero mumaziona pamatumba ena a katundu. Kuti munthu asasokoneze chilembo l ndi nambala 1, alembi ankajambula kamzere kopingasa pamwamba pa zilembo ziwirizo. Munthu wolemba kaundula tsiku lonse sakhala ndi nthawi yokometsera chilembo chilichonse. Cholembera chikathamanga, l ndi b zimasanduka timizere tiwiri toima, kamzere kaja n'kubwerera kawiri. M'zolemba pamanja za Isaac Newton, katswiri wa sayansi wakale wa ku England, muli lb wotereyu, amene ukamuyang'ana umaona kuti watsala pang'ono kukhala # wathu wa lero.

Ku America kachizindikiroka kanagwira ntchito ziwiri, ndipo zonse zilipobe. Kakakhala kumbuyo kwa nambala ndi kulemera: 5# ndi mapaundi asanu, paundi imodzi kukhala magalamu pafupifupi 454. Kakakhala kutsogolo ndiye kuti kakuimira mawu oti nambala: #5 ndi nambala 5. Mabuku ophunzitsa kulemba kaundula wa malonda a m'zaka za m'ma 1800 ankaphunzitsa kale zimenezi, ndipo makina otayipira atayamba kupangidwa kumeneko, kanapatsidwa malo ake pamabatani. N'chifukwa chake Mmereka akamakuuza zodina pafoni amati udine "pound".

Apa ndi pamene ife tingasokonezeke, chifukwa paundi imene makolo athu ankaidziwa ndi ina. Dziko lino linkagwiritsa ntchito ndalama ya paundi mpaka 1971, pamene kwacha inabwera, paundi imodzi n'kusinthidwa ndi makwacha awiri. Agogo anga aamuna anamwalira akuwerengabe mitengo ya mbuzi m'mapaundi. Chizindikiro cha ndalama imeneyo ndi £, ndipo nachonso chinachokera ku libra yemweyo, ndi chilembo L chokometseredwa. Ndi pachibale, koma si chinthu chimodzi. Ubale wake umaonekera bwino pa kiyibodi ya kompyuta. Pa kiyibodi ya ku America, ukadina Shift ndi 3 pamatuluka #. Pa ya ku Britain, mabatani omwewo amatulutsa £. Amene munagulapo laputopu ya kaunjika mukudziwa mmene zimakhalira, batani lalembedwa china koma likutulutsa china. Zinayambira m'makompyuta akale, pamene # anapatsidwa malo a nambala 35 pandandanda wa zilembo wotchedwa ASCII, a ku Britain n'kuika £ pamalo omwewo m'ndandanda wawo.

## Makona awiri opanda kanthu

Mafoni akale anali ozunguza ndi chala. Kampani ya matelefoni ya AT&T ya ku America inayamba kupereka mafoni a mabatani kwa anthu wamba mu Novembala 1963, m'matauni awiri a m'chigawo cha Pennsylvania, Carnegie ndi Greensburg. Kaikidwe ka mabataniwo, koti 1, 2 ndi 3 akhale pamwamba, ziro pansi payekha, kanachokera ku kafukufuku wa gulu la akatswiri a ku Bell Labs, malo ofufuzira a kampaniyo. Anayesa anthu ambiri ndi mabatani oikidwa mozungulira, ena m'mizere iwiri, kuti aone pamene chala chimalakwitsa pang'ono. Mtsogoleri wa gululo, John Karlin, anabadwira ku Johannesburg mu 1918 ndipo anaphunzira pa yunivesite ya Cape Town asanapite ku America. Ngati munadabwapo kuti bwanji manambala a pafoni anatembenuka poyerekeza ndi a pa kakyuleta, pamene 7, 8 ndi 9 ndi amene ali pamwamba, yankho lake ndi gulu limeneli.

Mafoni oyambawo anali ndi mabatani khumi okha. Koma kapangidwe kake kanali koti batani lililonse limatulutsa malizidwe awiri nthawi imodzi, lina loimira mzere wogona, lina loimira mzere woima, ndipo makina a kukampani amamva malizidwewo n'kudziwa nambala imene wadina. Mizere inayi yogona ndi itatu yoima ikupereka malo 12. Manambala ndi khumi. Kumanzere ndi kumanja kwa ziro kunatsala makona awiri opanda kanthu, malizidwe ake alipo kale, akungosowa mwini.

Mu 1968 makonawo anadzazidwa, nyenyezi kumanzere, # kumanja. Cholinga chinali choti tsiku lina munthu adzathe kulamula kompyuta kudzera pafoni, monga kufunsa ndalama zimene zatsala kubanki. Pankafunika mabatani amene si manambala, oti azinena kuti "apa ndayamba" ndi "apa ndamaliza". Anasankha zizindikiro ziwirizi mwa zina chifukwa zinalipo kale pamakina otayipira ndi m'makompyuta. Anthu amenewo ankaganizira za kwawo ku America. Koma maloto awowo anadzakwaniritsidwa kwathunthu kuno, m'manja mwa mayi wogulitsa tomato pa Lizulu ndi msodzi wa ku Nkhotakota.

## Maina ake ndi ambiri, lathu palibe

Akatswiri a ku Bell Labs omwewo anakapatsa dzina lachilendo, octothorpe. Chigawo choyamba cha dzinali chikunena za nsonga zisanu ndi zitatu, ndipo mukawerenga mupezadi kuti timizere tinayi tili ndi mapeto asanu ndi atatu. Za chigawo chachiwiri, amene analipo amafotokoza mosiyana. Nkhani ina imati Don Macpherson anawonjezerapo dzina la Jim Thorpe, katswiri wa masewera wa mtundu wa eni nthaka a ku America, amene anapambana mamendulo awiri agolide pa Olimpiki ya ku Stockholm mu 1912 n'kulandidwa chaka chotsatira. Doug Kerr, amene ankagwiranso ntchito komweko, analemba kuti dzinali linayamba ngati nthabwala ya anzake awiri ndipo poyamba linali octatherp.

A ku Britain ndi maiko ambiri amene anatengera Chingerezi chawo amati hash, ndipo ndi kumene kunachokera hashi wathuyu. Bungwe loona za matelefoni padziko lonse la ITU linalemba kuti batanili lizitchedwa square. Pandandanda wa Unicode, umene umasunga zilembo zonse za m'makompyuta, dzina lake ndi number sign.

Ntchito zakenso n'zosiyanasiyana. Za achipatala mwazimva kale. Osewera chesi amalemba # kusonyeza kuti mfumu yagwidwa, masewera atha. Owongolera zolakwika m'mabuku asanasindikizidwe amalemba # m'mphepete mwa tsamba pofuna kuti pakati pa mawu awiri pakhale mpata. Olemba mapulogalamu m'chinenero cha Python amayamba mzere ndi # pofuna kuti kompyuta iudumphe, chifukwa ndi ndemanga yolembera munthu mnzawo. Oimba kiyibodi kutchalitchi angakuuzeni kuti ndi shapu, koma mukayang'anitsitsa shapu wa nyimbo, ♯, ndi wina. Timizere take toima n'toongoka, togona n'topendekera m'mwamba, kuti tisabisike m'mizere isanu imene nyimbo zimalembedwapo. Pa # zinatembenuka, togona ndiye toongoka. Kampani ya Microsoft itatcha chinenero chake cholembera mapulogalamu kuti C sharp, inangobwereka # polemba C# chifukwa shapu weniweni palibe pa kiyibodi.

Zimandikhudza kuti mtundu uliwonse wa anthu umene unagwira kachizindikiroka unakapatsa dzina logwirizana ndi ntchito yawo, pamene ife, amene timakadina mwina kuposa onsewo, tinangotola dzina la eni ake. Nyenyezi sinavutepo munthu. Ukanena kuti nyenyezi, ngakhale gogo amaipeza. Hashi sajambula chithunzi chilichonse m'mutu mwa munthu woyankhula Chichewa.

## Za hashitagi

Achinyamata ambiri masiku ano kachizindikiroka amangokatcha hashitagi, ngakhale akunena za batani la pafoni. Mbiri yake ndi yaifupi. Malo ochezera a pa intaneti otchedwa IRC, amene Jarkko Oikarinen wa ku Finland anayambitsa mu 1988, ankaika # kutsogolo kwa maina a zipinda zochezeramo. Pa 23 Ogasiti 2007, Chris Messina analemba pa Twitter kufunsa anzake ngati angakonde kugwiritsa ntchito # posonkhanitsa nkhani za mutu umodzi, ndipo chitsanzo chake chinali #barcamp. Eni Twitter sanatengeke nazo poyamba. Mu Okutobala chaka chomwecho moto wolusa unabuka ku San Diego, anthu n'kuyamba kulemba #sandiegofire kuti uthenga wa kumene moto wafika uzipezeka pamodzi. Pofika 2009 kampaniyo inakonza zoti munthu akadina hashitagi azipeza zonse zolembedwa pamutuwo.

Mphamvu yake sindikuikana. Atsikana 276 atabedwa pasukulu ku Chibok m'dziko la Nigeria mu Epulo 2014, dziko lonse linamva kudzera mu #BringBackOurGirls. Ophunzira a ku South Africa anagwedeza mayunivesite mu 2015 ndi #RhodesMustFall komanso #FeesMustFall. Ku Zimbabwe m'busa Evan Mawarire anayambitsa #ThisFlag mu 2016. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, abale athu ambiri a kunja ankatsatira zimene zinkachitika ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe polondola hashitagi ya dzina la namondweyo.

Koma thandizo limene abalewo anatumiza litafika m'dziko muno, lambiri linamalizira ulendo wake pakafoni ka mabatani, munthu akudina nyenyezi, manambala ndi #. Amalawi ambiri sali pa intaneti. Hashitagi ndi ya amene ali ndi foni yaikulu ndi bandulo. Kachizindikiro ka pansi pa 9 ndi ka aliyense.

## Chimene kamachita tikakadina

Zimene timadina zija dzina lake ndi USSD, ndipo zinabwera pamodzi ndi netiweki ya mafoni a m'manja ya GSM. Nyenyezi imatsegula ndi kulekanitsa zigawo za lamulo, # imatseka. Foni ikaona kuti manambala athera ndi #, imadziwa kuti sukuimbira munthu, ukutuma netiweki. Mosiyana ndi SMS, imene imakasungidwa kaye kenako n'kuperekedwa, USSD imatsegula njira pakati pa foni yako ndi kompyuta ya kampani, ndipo njirayo imakhala yotsegula pamene mukufunsana ndi kuyankhana. Ukachedwa kuyankha imatsekeka. Uthenga uliwonse sungapitirire zilembo 182, n'chifukwa chake mindandanda yake imakhala yaifupi, yodukaduka, yokuuza kuti udine nambala ina kuti uone zotsatira. Sipafunika intaneti, sipafunika foni yodula.

Pamenepo ndi pamene panamangidwa Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba wa TNM mu 2013. Lero *211#, *444# ndi *626# ndi manambala amene mwana wa sukulu amawadziwa pamtima. Fizi, magetsi, madzi, chopereka cha kutchalitchi, chipepeso cha maliro, zonse zimadutsa pamenepo.

Ndiye n'chifukwa chake nkhani ya dzina sindikuitenga ngati yaing'ono. Munthu amene sangapeze batanili yekha amapereka foni kwa wina, ndipo popereka foni amaperekanso nambala yachinsinsi. Ambiri amene amathandiza agogo ndi ana okhulupirika, koma si onse, ndipo ngakhale wokhulupirikayo amadziwa zimene sanayenere kudziwa: kuti mwana wa ku Joni watumiza zingati, kuti zatsala zingati. Olengeza malonda pawailesi amathamanga, "sitala, manambala, hashi," ngati aliyense anabadwa akudziwa. Chingawavute n'chiyani kuwonjezera mawu ochepa, kuti ndi batani lotsiriza la kudzanja lamanja, pansi pa 9? Ma ejenti nawonso, m'malo molanda foni m'manja mwa kasitomala kuti mzere uyende msanga, atamuonetsa kamodzi kokha ndi chala, mawa adzadina yekha. Ifenso amene timatumiza ndalama kumudzi tili ndi gawo lathu. Pa tchuthi chikubwerachi khalani pamkeka ndi amene mumawatumizirawo, musinthe nawo nambala yachinsinsi, adine okha inu mukuona, ndipo batanilo alitche dzina limene iwo akufuna.

Muwauzenso kuti batani lomweli akuba amalidziwa bwino. Munthu akaimba n'kunena kuti ndi wa kukampani ya mafoni, kapena kuti mwawina mphoto, kenako n'kuyamba kukuuzani zodina zothera ndi #, dulani foni. Malamulo ena amatumiza ndalama. Ena, monga oyamba ndi *21* n'kutsatira nambala ya foni, amapatutsa mafoni onse obwera kwa inu kuti azikalira kwa munthu wina, ndipo iye amatha kuyankha abale anu ngati ndinu. Ngati mukukayika kuti zoterezi zinachitika pafoni yanu kapena ya kholo lanu, dinani ##002# ndi batani loimbira, kupatutsa konse kumafufutika. Dinaninso *#06#, patuluka nambala ya IMEI ya manambala 15, imene ndi chizindikiro cha foni yanuyo payokha. Ilembeni m'kope musunge kunyumba, chifukwa foni ikabedwa apolisi adzaifunsa.